Chiphaso cha boma si odi

Alamu anga atapuma pantchito ya boma ku Lilongwe, ndalama zawo zopumira sizinagone n'komwe kubanki. Anagula injini, boti lamatabwa ndi ukonde wa chilimira, n'kukweza zonsezo palole kutsetsereka msewu wa Salima. Anafikira kwanga, poti ine ndakhala kuno kunyanja zaka zambiri, ngakhale kwathu kwenikweni ndi kumtunda, kumene nsomba timaidziwa itauma kale. M'thumba la malaya anali ndi pepala lokutidwa bwino m'pulasitiki, chiphaso cha usodzi chokhala ndi chidindo cha boma. Madzulo a tsiku lomwelo ndinawafunsa kuti, "Alamu, nanga kwa amfumu tipita liti?" Anaseka, n'kugogoda thumba lija ndi chala. "Amfumu anga ndi awa."

Palibe amene anawatukwana. Palibe anadula ukonde wawo kapena kuwathirira mchenga mu injini, zimene anthu a m'tauni amaopa akamva za asodzi. Padoko panangoti zii. Boti lamatabwa likamabwera m'mawa lolemedwa ndi ukonde wonyowa, pamafunika manja ambiri kuti likwere pamchenga, koma anyamata amene amathamangira boti lililonse anangokhala pamthunzi n'kumasoka maukonde ngati sakuona. Amayi ogula usipa ankayamba athana ndi maboti ena onse, n'kufika kwa alamu dzuwa litakwera, nsomba zitafewa, mtengo utagwa. Alovi, anyamata ogwira ntchito m'boti, amene anabwera nawo kuchokera kwina anayamba kuthawa mmodzimmodzi, poti munthu sangapirire pamalo pomwe ngakhale moto woyatsira fodya akukumana. Kenaka m'mudzi munagwa maliro. Maboti onse anagona pamchenga usiku umenewo, koma la alamu linalowa m'madzi, nyali zili ngwee, anthu akuonera ali pasiwa. Inenso ndinali pamaliro pomwepo, ndipo ndinangozindikira nditaona nyalizo patali. Manyazi a usiku umenewo sanandichoke mpaka lero.

Nkhaniyi ndaibweretsa chifukwa alendo a mtundu wa alamu akuchuluka m'magombe a Salima ndi Nkhotakota. Wina wapuma pantchito, wina wabwera ndi ndalama za ku Joni, wina wagulitsa fodya wamva kuti usipa uli ndi phindu. Onsewa amalakwitsa pamalo amodzi. Chiphaso chimakukonzera nkhani yako ndi boma, koma malo pakati pa anthu sichikupatsa. Malo amapemphedwa. Komanso ndili ndi mawu kwa eni magombe, mawu amene anzanga a kuno sakonda kuwamva: mlendo akagogoda n'kuvomera malamulo, malamulowo azimuluma mofanana ndi mmene alumira mphwake wa mfumu, apo ayi si malamulo, ndi msampha wotchera obwera.

Munthu wakumtunda akaima pagombe amangoona madzi okhaokha. Palibe mzere, palibe chulu kapena mtengo wa malire ngati kumunda, ndiye mumtima amati n'chopanda mwini. Koma munthu yemweyo sangayerekeze kufika m'mudzi wa eni, khasu paphewa, n'kuyamba kugaula dimba kudambo chifukwa ali ndi kalata ya alangizi a zaulimi. Amadziwa kuti ayenera kuyamba waonekera kwa nyakwawa. Chimamusokoneza kunyanja n'chakuti malire a kuno salembedwa pansi. Ali m'mitu mwa anthu: boti la uje limakocheza apa, thandala loyanikapo usipa la mayi uje limathera apo, matchera a banja lakutilakuti amatcheredwa kuseri kwa mwala uja kuyambira nthawi ya agogo awo. Ukaponda malire osaonekawa palibe amakulozera. Amangokuyang'ana.

Amene akuganiza kuti kupempha malo ndi mwambo wachikale wopanda phindu akaone ku Mbenje. Chilumba chimenechi chili m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira ku Salima, ndipo opita kumeneko amanyamukira pagombe la Chikombe. Mbiri yake imati m'zaka za m'ma 1950 kunabwera asodzi awiri ochokera ku Likoma. Anali ndi luso lawo lopha utaka, ndipo nthawi imeneyo akanatha kungopalasa usiku n'kukamanga misasa pachilumbapo. Sanatero. Anapita kwa mfumu kukapempha. Mfumu inawalola, koma inaika malamulo, ndipo malamulo amenewo ndi amene akusunga Mbenje mpaka lero. Chilumbacho chimatsekedwa mu Disembala, nyengo ya mvula ndi ziphaliwali, pamene anthu ayeneranso kukhala kumunda, n'kudzatsegulidwa cha mu Epulo pamwambo umene mfumu imatsogolera. Mowa sufika pachilumbapo, chamba ayi, njuga ayi. Wophwanya lamulo amachotsedwa, kaya ndi wa pamudzi pomwepo kaya wachokera kutali. Lero ofufuza a ku Mzuzu University ndi anzawo a ku Scotland afika kumeneko kudzaphunzira mmene mudzi wasungira nsomba kwa zaka zoposa 60, pamene malo ambiri oyang'aniridwa ndi mapepala okhaokha akulira.

Pali lamulo limodzi la ku Mbenje limene ine limandivuta, loletsa amayi kuponda pachilumbapo. Amayi ndi amene amafutsa, kuyanika ndi kugulitsa nsomba zambiri za m'nyanja muno, ndipo ndimaona kuti tsiku lina eni ake adzayenera kukhalirana pansi pa nkhani imeneyi. Koma onani kuti ndati eni ake. Mlendo wofika dzulo amene angayambe ndi kutsutsa lamulo limeneli asanadziwe ngakhale dzina la mphepo imene ikumuomba kumaso sathandiza amayiwo, amangoumitsa mitima ya akuluakulu.

Chimene ndimakonda pa mbiri ya Mbenje n'chakuti dongosolo lotchukali silinabadwe chifukwa chothamangitsa alendo. Linabadwa tsiku limene alendo anapempha ndipo mwini dera anayankha kuti inde, koma motere. Alendo anabweretsa luso, mfumu inabweretsa malire. Akanakanizidwa, luso lija likanapita kwina. Akanalowa mwakuba, pakanakhala ndewu osati lamulo.

Ngakhale boma lenilenilo, limene alamu ankalinyamula m'thumba, linavomereza kalekale kuti silingathe kulondera nyanja lokha. Chambo chitatha ku nyanja ya Malombe, mu 1993 kunayambika makomiti a m'magombe, amene ambiri timangowatchula kuti ma BVC, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 linatsegula khomo loti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali poyang'anira nsomba. Ndiye msodzi wosamuka akafika padoko lachilendo n'kufunsidwa kalata yochokera ku komiti ya kumene wachoka, asamati akumuzunza. Anthu akufuna kudziwa ngati wachoka bwino kwawoko, kapena wathawa mlandu wa ukonde woletsedwa, kapena ngongole ya alovi.

Koma tisiye za malamulo. Pali chifukwa china chimene mlendo ayenera kudzichepetsera, ndipo ndi chokhudza moyo wake weniweni. Nyanja iyi imapha. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera kuchokera kummwera, ndipo umatha kuutsa mafunde otalika kuposa munthu pamalo pomwe m'mawa panali bata ngati madzi a m'mbale. Nyengo ya mvula kuli mpoto, wobwera mwadzidzidzi ndi mitambo yakuda. Nyengo yotentha kuli vuma wochokera kuvuma, amene amamenya gombe lathu lino maso ndi maso. Mayinawa munthu angawaloweze tsiku limodzi. Chimene sangaloweze ndi kuona kwa nkhalamba imene imayang'ana mtundu wa madzi chakutali, kununkhiza mpweya, n'kunena kuti lero ayi. Nkhalamba imeneyo siika chikwangwani. Imauza anthu amene imacheza nawo, ndipo ngati sunaipatsepo moni, udzangodabwa kuti bwanji maboti ena onse sanatuluke.

N'chimodzimodzi ndi malo a nsomba. Utaka umasonkhana pa zirundu, miyala ikuluikulu yobisika pansi pa madzi, ndipo msodzi amapeza chirundu poyang'ana kumtunda: nsonga ya phiri la Senga ikalunjikana ndi mtengo wakutiwakuti, kwinaku chilumba cha Namalenje chikaonekera mwakutimwakuti, ndiye kuti wafika. Nzeru imeneyi ndi chuma cha banja, ngati munda. Usipa nawo uli ndi mwini wake, siginala, munthu amene amakhala yekha m'bwato ndi nyali usiku wonse, kuitana nsomba n'kuzikokera pang'onopang'ono pakamwa pa ukonde. Kale ankayatsa nyali za parafini, lero ndi mababu a batire, koma luso lodziwa kuti usipa wakwera ndipo nthawi yoponya yakwana silinasinthe. Mwezi ukawala kwambiri nyali zimagonja, maboti amapuma. Alamu anali atawerengera phindu la masiku 30 pamwezi, papepala, ali ku Area 25. Siginala wabwino sagulidwa ngati injini. Amasankha yekha bwana woti amugwirire ntchito, ndipo amayamba wafunsa kuti munthuyo amakhala bwanji ndi anthu.

Tsono pali nkhani ya ndiwo, imene inawapweteka mtima kwambiri alamu. Boti likakocheza, aliyense amene wagwira chingwe, wakankha boti kapena wathandiza kukutumula ukonde amayembekeza kadzanja ka nsomba. Alovi nawo amatapa zawo za kunyumba nsomba zisanagulitsidwe. Pamakhalanso gogo wina wamasiye amene sagwira kalikonse, amangoima chapatali ndi kambale, ndipo mwini boti wodziwa khalidwe amamuponyeramo osayankhula. Alamu ataona zimenezi anati ndi kuba kochita masana. Anagula kope n'kuyamba kulemba chigoba chilichonse, ndipo analamula kuti pasapezeke wotapa. Mwa masamu anali olondola. Koma kadzanja kaja ndi malipiro a anthu amene adzathamangire m'madzi mpaka m'khosi tsiku limene boti lako lidzatembenuzike pafupi ndi gombe, amene adzatuluke ndi mafuta awo kukakusaka injini ikadzakufera pakati pa nyanja. Kuno kulibe ofesi yoti uiimbire foni usiku kuti idzakuvuule. Amene alipo ndi anthu omwe aja unawamana bonya wodzaza dzanja limodzi.

Ndikudziwa chimene ena akunena pofika pano. Akuti nyanja ndi ya Amalawi onse, munthu wa ku Dowa kapena wa ku Mulanje ali ndi ufulu wofanana ndi wobadwira pa Nguwo kapena pa Chia, ndipo kugwadira mafumu n'kumene kumabala ziphuphu. Sindikutsutsa. Ndaonapo ndi maso anga "kuonekera kwa amfumu" kukusanduka msika, mlendo akutchulidwa mtengo poyang'ana kukula kwa injini yake. Ndaonapo komiti ikulanda ukonde wa munthu wobwera n'kuutentha anthu akuombera m'manja, pamene ukonde wa maso omwewo wa mlamu wake wa wapampando uli poyera, wayanikidwa pamchenga. Zimenezi zilipo, ndipo amene amakamba za miyambo ya kunyanja ngati ndi yoyera yokhayokha sanakhalepo padoko.

Apa m'pamene ndimasiyana ndi anzanga ena a kuno. Nsomba zikasowa, chala chimathamangira kuloza obwera: Atonga a ku Nkhata Bay, anyamata a ku Usisya ndi ku Karonga amene amanga zisakasa m'magombe athu. Akuti ndiwo atha nsomba ndi nyali zawo. Koma amene amakoka maneti a udzudzu m'mabango m'mawa uliwonse ndi ana a yani? Chambo chimasunga ana ake m'kamwa n'kudzawalavula m'madzi osaya, m'mabango ndi m'maudzu, ndipo m'menemo ndi mmene maneti amene tinalandira kuchipatala kuti atiteteze ku malungo akusesa tiana tosakwana n'chala chomwe. Lamulo limati chambo chosafika masentimita 15 chisaphedwe, ndipo chaka ndi chaka pa 1 Novembala boma limatseka usodzi wa makoka kuti chambo chiswane. Pitani usiku mu Novembala mukaone amene akukoka khoka mwakabisira. Ambiri ndi eni mudzi, chifukwa mlendo amaopa, alibe msuweni mu komiti. Mudzi umene umalanga mlendo pa cholakwa chimene ukulekerera mwana wake ukudzinamiza, ndipo mlendoyo akaona zimenezi amaphunzira phunziro limodzi lokha, loti kuno lamulo limagulidwa.

Komanso mawu akuti obwera tiziwatchula mosamala m'dera lino. Ayao ambiri a m'mbali mwa nyanja muno makolo awo anafika m'zaka za m'ma 1800, n'kupeza Achewa. Ku Nkhotakota, Jumbe Salim bin Abdullah anafika cha m'ma 1840 ndi zombo ndi mfuti, mlendo amene sanabwere kudzapempha, ndipo zimene zinatsatira tonse tikuzidziwa, anthu kuwolotsedwa nyanja ngati katundu. Akumpoto ndi a ku Likoma, amene ena amawada lero, ndiwo akhala akatswiri a chilimira, ndipo anyamata ambiri a kuno luso limeneli analiphunzira m'maboti awo. Ena anakwatira konkuno, ana awo amayankhula Chichewa chosamveka n'komwe kuti bambo awo anachokera kwina. Gombe ndi malo amene anthu akhala akufikapo kuyambira kale. Funso silinakhalepo lakuti unabadwira kuti, koma lakuti unafika bwanji.

Asodzi osamukasamuka nawo ali ndi mlandu wawo, ndipo ndisaubise. Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu, koma mame ena amasiya matope. Gulu la anyamata limafika usipa ukagwa, n'kumanga zisakasa zambirimbiri popanda chimbudzi ngakhale chimodzi, poti akuti tikhala masabata atatu okha. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene anavuta kuposa wina aliyense m'mbiri ya dziko lino, anasautsa kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja, ndipo aliyense wokhala padoko amadziwa mmene gombe limanunkhira m'mawa nyengo ya usipa. Palinso ndalama za usiku umodzi zimene zimathera pa mowa ndi pa atsikana a sukulu, mnyamata n'kunyamuka mwezi wotsatira kulondola nsomba ku Mangochi, mimba n'kutsalira makolo. Mudzi ukanena kuti musanamange chisakasa kumbani chimbudzi, ndipo mtsogoleri wanu timudziwe dzina ndi kwawo, limenelo si tsankho.

Pali alendo a mtundu winanso, amene sabwera kudzafuna ndalama koma kudzapuma. Loweruka m'mawa amatsetsereka kuchokera ku Lilongwe, ulendo wa maola awiri osakwana, ndi ndodo za mbedza zonyezimira ndi mabokosi a ayezi. Ambiri ndi anthu abwino, ndipo anyamata a maboti amapezerapo ganyu. Koma boti lothamanga likadutsa pamene pakuyandama tizigubu ndi mabotolo apulasitiki, woyendetsa amaona zinyalala, pamene zimenezo ndi zizindikiro za matchera a munthu. Chingwe chikadulidwa, ukonde umene anaugula pangongole wapita. Kufunsa kuti "Bambo, matchera ali mbali iti kuti tiwalambalale?" sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Enanso amafuna kukaponya mbedza m'mphepete mwenimweni mwa zilumba za Maleri, osadziwa kuti zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980, ndipo usodzi ndi woletsedwa mamita 100 kuzungulira zilumbazo. Msodzi wa kuno akagwidwa kumeneko amalandidwa bwato. Akaona bwana wa galimoto akuwedza pomwepo popanda womufunsa, mukuganiza kuti amapita kunyumba ndi mtima wotani?

Tsiku lina ndinaona mmodzi wa alendo oterewa atakola kampango wamkulu bwino. Anamunyamula, mnzake anajambula pafoni, kenaka anamubwezera m'madzi. Mkulu wina amene anali pafupi m'bwato lake anangogwira pakamwa. Atafika kumtunda anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, munthu uja nsomba ija inamulakwira chiyani kuti aizunze chonchi osaidya?" Ndinayesa kufotokoza kuti kwa iwo ndi masewera, ndiponso amati akusunga nsomba kuti zisathe. Mkuluyo anapukusa mutu. Kwa iye nsomba ndi chakudya, ndipo kusewera ndi chakudya pamaso pa anthu amene agona ndi njala ndi mwano. Sindikunena kuti mlendo uja analakwa. Kubweza nsomba yaikulu yoswana kuli ndi nzeru yake, ndipo kumtsinje wa Bua, kumene nsomba ya mpasa imakwera kukaswana kudutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, nzeru yotere ndi yofunikadi. Koma akanayamba wacheza ndi mkulu uja, akanadziwa mmene chinthucho chikuonekera m'maso mwa eni, ndipo mwina akanakamubwezera kampangoyo chapatali, kapena akanapereka imodzi mwa nsomba zing'onozing'ono kuti ikhale ndiwo.

Za eni makoteji amene amamanga mpanda mpaka kulowa m'madzi, kutseka njira imene amayi amadzera pokachapa ndi pamene mabwato akhala akukocheza kuyambira kale, sindinenapo zambiri, chifukwa nyanja inayankha yokha mu 2024. Madzi atakwera chaka chimenecho mipanda yambiri inagwa, ndipo amene ankaitanidwa kudzasenza matumba a mchenga ndi anyamata omwe aja mlonda ankawathamangitsa.

Kodi tsono ndikupempha chiyani? Kwa mlendo, zochepa kwambiri, ndipo zambiri mwa izo n'zosalira ndalama. Afike kaye wopanda ukonde. Akhale pamchenga masiku angapo, apereke moni, afunse mayina a zinthu ngakhale akuwadziwa, poti safunsa anadya phula. Adziwe kuti m'midzi yambiri ya kuno Lachisanu masana anthu ali kumzikiti, ndipo si nthawi yoitanitsa msonkhano kapena kuliza wailesi padoko. Alembe ntchito anyamata a pamudzipo, osabwera ndi gulu lake lonse ngati wobwera kunkhondo. Maliro akagwa, injini izizire, apite akakhale pansi ndi amuna anzake ngakhale malemuyo sakumudziwa. Ndipo ngati ali ndi nzeru yatsopano, poti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, aisunge kaye m'thumba mpaka wina adzamufunse. Alamu anali ndi maganizo abwino zedi a kasungidwe ka ndalama za alovi, oti azisungitsa pafoni m'malo momwera zonse tsiku lomwelo. Anawanena sabata yoyamba, ataimirira, manja m'thumba, ndipo palibe anawamva.

Kwa mafumu ndi makomiti pempho langa ndi lolemerapo, chifukwa mphamvu ili kwa iwo. Malamulo a padoko anenedwe poyera tsiku limene mlendo wafika, pamaso pa anthu, osati kumudikira kuti alakwe kenaka n'kumutchula chindapusa. Ngati pali ndalama yolowera, ikhale imodzi kwa aliyense, yodziwika, ndipo anthu aone chimene yagula, kaya ndi chimbudzi kaya ndi mafuta a boti lolondera. Asodzi obwera amene akhala zaka pamudzi akhale ndi mpando mu komiti, chifukwa munthu amasunga bwino lamulo limene anakhalapo polipanga. Ndipo kungoti zii kuja, kumene kuno timakuyesa ulemu, nthawi zina ndi nkhanza. Usiku wa maliro uja panali amuna oposa khumi amene anaona alamu akukweza mafuta m'boti. Mmodzi yekha akanati, "Bambo, lero sitilowa, tili ndi zovuta," nkhani yonse ikanathera pomwepo. Anasankha kuonerera kuti munthu agwe m'dzenje, kuti adzakhale ndi chomunenera.

Alamu anapirira masabata asanu ndi limodzi. Usiku wina injini inawafera kutali, mwera ukuyamba, ndipo anawakoka ndi boti la mkulu wina wa ku Nkhata Bay amene wakhala pano zaka zambiri, yemwe anangowaona nyali zikuyenda mosalongosoka n'kudziwa kuti pali vuto. Atafika kumtunda alamu anatulutsa ndalama. Mkuluyo anakana, n'kungoti, "Mukapite kwa amfumu, achimwene. Ifenso tinayambira komweko."

Tinapita Lamlungu masana, titanyamula nkhuku ndi shuga. Anatikhazika pamphasa pansi pa mtengo wa mango nthawi yaitali ndithu, amfumu ali m'nyumba, tikuwamva akuseka ndi adzukulu awo. Atatuluka anakhala pampando, nduna ziwiri pambali, wapampando wa komiti ali chapatali. Boti la alamu amfumuwo ankaliona tsiku ndi tsiku, ndipo nkhani ya usiku wa maliro inaweruzidwa kale m'mabwalo onse a m'mudzimo. Koma anawayang'ana ngati munthu amene sanamuonepo, n'kufunsa mofatsa kuti, "Alendo athu, mwafika liti kuno?"

Ndinaona dzanja la alamu likupita kuthumba la malaya, kumene kunali pepala lija. Linaima panjira, n'kubwerera pabondo. Anaomba m'manja katatu, mutu uli pansi.

"Tafika lero, mfumu."